Supuni ya Hilmar ndi Mwana Wathu Womaliza

Hilmar ankayenda ndi supuni m'khosi. Ena amavala mtanda, ena kiyi wa boti, koma iye anaboola supuni yaikulu yomwera supu n'kuimangirira pa chingwe cha mbedza. M'thumba la jekete munkakhala botolo la mafuta a chiwindi cha nsomba, ophika yekha m'shedi yake kuseri kwa doko. Mukakumana naye sankafunsa kuti mwadzuka bwanji. Ankakuyang'anani m'maso, kenako miyendo, n'kunena mawu amodzi okha: "Yasama."

Pamaliro pake abusa anati anali munthu wofatsa, womvera anzake. Limenelo ndi bodza, ndipo ndinawauza abusawo pakhomo pa tchalitchi. Ndinakula naye Hilmar, ndinakalamba naye, ndiye ndinena momwe zinalili.

Fungo lake linkafika pakhomo mwiniwake akadali pa mlatho. Amphaka onse a pachilumba pathu ankamutsata pambuyo ngati akuperekeza mkwati. Unyamata wake wonse anagwira ntchito yophika ziwindi pa fakitale ya nsomba, ndipo fakitaleyo itatsekedwa ananyamula mphika umodzi waukulu n'kupita nawo kwawo, ati ndiyo penshoni yake. Kuyambira pamenepo panalibe vuto pansi pano limene mafuta akewo sakanalithetsa. Abusa akasasa mawu, supuni. Mkazi akakangana ndi mwamuna wake, supuni, onse awiri. Chitseko cha tchalitchi chitayamba kulira anachithira theka la botolo, ndipo Khirisimasi imeneyo tinaimba nyimbo titagwira mphuno.

Tsiku lina anandipeza ndikulimbana ndi injini ya boti langa.

"Torleif, injini yakoyo ikutsokomola."

"Ndi fyuluta."

"Si fyuluta, ndi njala. Ithire masupuni awiri."

"Ukaiyandikira ndikuponya m'madzi."

"Ndiponye. Ine sindimira, ndadzaza mafuta. Iwe ndi amene ungamire, mafupa okhaokha ngati nsomba yoyanika."

Miyendo yake inali ya matewe, moti galu ankadutsa pakati mwiniwake ataima chilili. Anabadwa nkhondo ikutha, nthawi imene anthu a kuno anasamutsidwa n'kukaikidwa kutali ndi nyanja, ndipo amayi ake analibe nsomba yomudyetsa. Mwana akakana kumwa, Hilmar ankapinda buluku mpaka m'mawondo, chipale chofewa chili mbee pansi, n'kuzungulira kamodzi.

"Ukuiona iyi? Iyi ndi miyendo ya mwana amene sanamwe. Ukuifuna?"

Mwana ankayasama yekha.

Kunena zoona, ifenso tili ana tinkamwa. Mdima ukangoyamba, miyezi ija dzuwa silituluka n'komwe kuno kumpoto, aphunzitsi ankatiimika pamzere m'mawa, supuni imodzi sukulu yonse, ndipo palibe amene anapindika miyendo. Koma tinkadyanso nsomba tsiku lililonse, ndipo za zimenezo Hilmar sankafuna kumva.

Nkhondo yake yaikulu inali ndi Borghild, mwini sitolo yathu imodzi yokhayo. Chaka china Borghild anaitanitsa mabotolo a mavitamini a ana, timaswiti tofewa, tofiira ndi tachikasu, toumbidwa ngati tizimbalangondo. Anawaika pafupi ndi pomwe timalipirira. Hilmar analowa, n'kunyamula botolo limodzi ndi zala ziwiri ngati wagwira khoswe wakufa.

"Ichi n'chiyani?"

"Mavitamini, Hilmar. Onse ali momwemo, ndipo sanunkha."

"Mankhwala osanunkha? Thupi lidziwa bwanji kuti lamwa?"

"Ana amatikonda."

"Ana amakondanso kudya chipale chimene galu wakodzerapo."

"Tuluka m'sitolo mwanga, ukundinunkhitsira buledi!"

Sanatuluke. Anatsegula botolo n'kutafuna tizimbalangondo tonse pamaso pa Borghild, ati aonetse anthu kuti ndi maswiti wamba. Masiku awiri otsatira sanaoneke pa doko. Atatulukira anali atafooka ngati chingwe chonyowa, koma anati umenewo ndi umboni wakuti ndi poizoni. Borghild anati ndi umboni wakuti timagwira ntchito.

Namwino wathu anali Solvei, mkazi wanzeru, wosachuluka mawu, amene ankabwera pa sitima kuchokera kumtunda nyanja ikalola. Tsiku lina awiriwo anamutsekereza akungotsika kuti aweruze mlandu wawo.

"Mwana amene amadya nsomba, mbatata, buledi ndi mkaka safunikira timaswiti timeneti," anatero Solvei.

"Wamva, mayi wa maswiti?" anatero Hilmar.

"Sindinamalize, a Hilmar. Chimene chimasowa kuno ndi chimodzi chokha, chija thupi limapanga likawombedwa ndi dzuwa. Miyezi ya mdima mwana apatsidwe kasupuni kakang'ono ka mafuta oyezedwa bwino, kamodzi pa tsiku. Apo ayi kapiritsi kake. Chimodzi mwa ziwirizi, osati zonse. Ndipo osati pa fosholo ili m'khosi mwanuyo."

Hilmar anangomva mawu akuti mafuta. Borghild anangomva akuti kapiritsi. Onse awiri anapita kwawo atapambana.

Nthawi imeneyo ana anali akadalipo okwanira kuwakanganira. Koma fakitale ikatsekedwa, anyamata amapita kukafuna ntchito, ndipo akazi awo ndi ana amatsatira. Banja ili linapita, lina lija linapita. Hilmar ankaperekeza banja lililonse pa doko ndi botolo la mphatso, ndipo ogwira ntchito pa sitima ankati mabotolowo amawapeza atasiyidwa pansi pa mipando. Kenako chinafika chaka chimene m'sukulu munalibe mwana ndi mmodzi yemwe woti ayambe.

Ndi chaka chomwecho anabwera Ragna. Anali mwana wa kuno, anakwatiwa kumzinda wa Tromsø, ukwati unatha, ndiye anabwerera m'nyumba ya malemu bambo ake ndi mwana wake wamkazi, Tuva, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ntchito yake ankagwirira pa kompyuta m'khitchini. A khonsolo anati bola pakhale mwana, sukulu ikhala yotsegula, mphunzitsi akhala, ndipo sitima ya m'mawa izibwerabe. Mwanayo akachoka, zonsezo zichoka naye.

Lamlungu lina tikumwa khofi titatuluka m'tchalitchi, Ragna ananena poyera: "Ndiyesa nyengo ya mdima imodzi. Tuva akaipirira bwino, tikhazikika. Akavutika, tibwerera."

Ananena zimenezo pamaso pa nkhalamba zonse za pachilumba. Ndinangoona dzanja la Hilmar likupita pang'onopang'ono m'khosi.

Dzuwa linapita mwezi wa Novembala monga mwa nthawi zonse. Njira yochoka kwa Ragna kupita kusukulu imadutsa pakhomo pa aliyense, ndipo Tuva ankayenda yekha, atavala jekete lofiira ndi kanyali pachipumi. Zimene ndilembe apa ndinazidziwa pambuyo pake, monga aliyense.

Woyamba kumudikirira anali Hilmar, pa ngodya ya shedi yake. Miyendo ya matewe sinamuopseze mwana ameneyu. Anaiyang'ana n'kufunsa ngati amatha kukwera mgolo popanda kudumpha.

"Yasama."

"Sindimwa. Akununkha ngati sokosi za munthu wakufa."

"Ukamwa ndikuphunzitsa mawu amene timatukwanira injini ikafa pakati pa nyanja."

"Oipa kwambiri?"

"Oti abusa akawamva amagwira khoma."

"Thirani, agogo."

Mtengo unakhala umenewo, supuni imodzi, chitukwano chimodzi. Ndipo ife a kuno zitukwano tili nazo zambiri kuposa nsomba. "Koma amayi ako asamve," anatero Hilmar, "ndipo Borghild asadziwe."

Akachoka pamenepo Tuva ankadutsa pa sitolo. Borghild ankatuluka ndi chikhatho chodzaza tizimbalangondo n'kumuthirira m'thumba. "Usawauze a Hilmar, mwanawe, angakulande." Akafika pakhomo pathu, mkazi wanga Oddny ankamuitanira pa zenera la kukhitchini ine ndili kuboti, n'kumupatsa buledi wopaka chiwindi cha nsomba chokazinga, chochindikala kuposa buledi wake. Kusukulu mphunzitsi Eilif, mnyamata amene ntchito yake yonse inali mwana mmodzi ameneyu, ankamudonthezera madontho m'kapu ya mkaka. Ndipo kunyumba amayi ake anali atamupatsa kale kasupuni kakang'ono kaja, monga ananenera namwino. Aliyense ankaganiza kuti ndi iye yekha amene akugwira chilumba kuti chisamire.

Itapita Khirisimasi mwana anayamba kudandaula mutu. Milomo inang'aluka, zikhatho zinayamba kusupuka, chakudya ankachikankha, ndipo m'kalasi ankagona pa desiki. Ragna anaimbira namwino, koma nyanja inali itakwiya, sitima sinkabwera. Solvei anafunsa pa foni kuti mwana akumwa chiyani, Ragna n'kuyankha zoona zimene ankadziwa, kuti kasupuni kamodzi.

Nkhani inazungulira nyumba zonse: mdima wamugwira Tuva. Ndiye aliyense, payekhapayekha, mwakachetechete, anawonjezera mlingo.

M'mawa wina ndikupita ku doko ndinawapeza pa ngodya ya shedi. Hilmar anali akuthira supuni yachiwiri.

"Agogo, mutu ukundiwawa."

"Ndiye chifukwa chake. Yasama, lero ndikubwerezera chitukwano chija cha hatchi."

Ndinamenya supuniyo, mafuta n'kumwazikira pa chipale.

"Wapenga, Torleif?"

"Wayamba liti zimenezi?"

"Dzuwa litangopita. Ukuganiza kuti akanafika pano popanda ine?"

"Amayi ake akudziwa?"

"Amayi ake ndi a m'tauni, amakhulupirira tisupuni ta khofi."

"Ndikukawauza."

Anandigwira mkono. Zaka zonsezo sindinaonepo Hilmar akupempha kanthu.

"Usapite. Dzuwa latsala pang'ono kubwera. Akangoliona achira, ndipo akhala. Ukanena, apita."

"Mwana akudwala, Hilmar."

"Ukanena, sukulu itsekedwa. Tidzatsala tokhatokha, iwe ndi ine ndi amphaka."

Ndinamugwira Tuva dzanja n'kubwerera naye kwa amayi ake.

Mphepo itangotsika Solvei anafika pa boti la opulumutsa anthu. Anamukhazika Tuva pa tebulo la m'khitchini n'kumuuza kuti zinsinsi zonse zatha lero, anene chilichonse chimene chimalowa m'kamwa mwake kuchoka pakhomo mpaka kusukulu. Tuva ananena. Anayamba ndi Hilmar, n'kutsata njira yonse nyumba ndi nyumba ngati wopereka makalata. Atafika pa madontho a aphunzitsi anati amakoma ngati chakutichakuti cha hatchi, mawu amene sindingawalembe pano. Ragna anakhala pansi.

Madzulo ake namwino anatiitanira tonse kusukulu. Tinakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'chibwano.

"Aliyense amene wakhala akumupatsa mwanayu kanthu kolimbitsa thupi akweze dzanja."

Hilmar anakweza loyamba, mosanyinyirika. Kenako Borghild. Kenako Eilif. Nditatembenuka ndinaona dzanja la mkazi wanga lili m'mwamba, iye akuyang'ana pawindo. Ngakhale mayi Petrine, amene saona bwino ndipo satuluka m'nyumba kawirikawiri, anakweza. Iwo ankamupatsa mapiritsi awo a mafupa.

"Ndi timaswiti ta uyu!" anatero Hilmar, akuloza Borghild.

"Ndi mafuta ako owolawo!"

"Ndi zonse pamodzi," anatero Solvei. "Zinthu zimenezi zikachuluka sizituluka, zimaunjikana m'thupi. Koma a Hilmar, anu ndi amphamvu kuposa zonse."

Hilmar anawongoka pa kampando kake, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwamva nonse? Amphamvu kuposa zonse."

"Ndiwo atsala pang'ono kumuwonongera chiwindi mwanayu," anatero Solvei.

Hilmar anatsitsa maso n'kuyang'ana supuni yake.

Tuva anapita naye kuchipatala kumtunda. Kumeneko sanamupatse mankhwala odabwitsa, anangomusiyitsa zonse, n'kumudyetsa chakudya wamba ngati mwana wina aliyense, ndipo anachira. Dzuwa linabwerera iye ali komweko. Mwambo wathu ndi wakuti tsiku limenelo ana a sukulu amakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi kukaliimbira, kenako amadya mabanzi a shuga. Chaka chimenecho Borghild anaphika mabanzi monga mwa nthawi zonse, ndipo tinawadya ife, titaimirira m'sitolo, osayang'anana.

Ragna atabwera ndi mwana kudzalongedza katundu, Hilmar anasamba. Anasamba zenizeni, ndi sopo, n'kuvala suti ya maliro, moti amphaka anamuphonya panjira. Ine ndinali komweko kuthandiza kunyamula mabokosi.

"Ragna, mwana wa Johannes, ndabwera wopanda kanthu m'thumba. Ukafuna undiseche."

"Ndikuona, a Hilmar."

"Mphika ndauponya m'nyanja. Funsa Torleif."

Zinali zoona. Ndinauona ukumira.

"Khalani. Palibe adzamupatsenso kanthu. Ine ndidzakhala mlonda, ndidzayenda naye mpaka kusukulu, aliyense wotulutsa dzanja pawindo ndidzamuthyola chala."

Ragna anasiya kupinda nsalu.

"Sindikudana nanu, a Hilmar. Inu munandimwetsa ine ndili mwana, ndipo ndine pano. Koma nthawi imeneyo tinalipo ambiri, tikakuonani tinkabalalika, mumagwira mmodzi pa sabata. Tuva alibe wobisala kumbuyo kwake. Akayetsemula, makatani a nyumba zonse amagwedezeka. Usiku amandifunsa kuti akadwala sitima isiya kubwera? Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri! Lero ndi mafuta, mawa chidzakhala china. Mudzamukonda mpaka kumupha."

"Ndiye ife titani?"

"Sindikudziwa, a Hilmar. Koma si ntchito ya Tuva."

Tsiku lonyamuka tonse tinali pa doko. Palibe anabweretsa mphatso, tinkaopa. Oddny anali ataluka magolovesi, koma anayamba wafunsa Ragna ngati n'zololedwa. Sitima itayamba kusuntha Tuva anakwera pa benchi ya kumbuyo, n'kuika manja kukamwa, n'kuyamba kukuwa. Anatukwana mphepo, anatukwana injini, anatukwana nyanja ndi amayi ake a nyanjayo, mwa dongosolo lake lonse monga anaphunzirira, uku akugwedeza dzanja kwa Hilmar. Abusa anavula chipewa n'kuyang'ana m'kati mwake. Mawu anapita akuchepa mpaka sitima inakhota pa thanthwe.

"Walakwitsa liwu limodzi," anatero Hilmar. "Lija la hatchi limabwera kumapeto." Kenako anamina kwa nthawi yaitali.

Sukulu inatsekedwa chilimwe chisanafike. Eilif anapita. Sitima ya m'mawa anaichotsa, tsopano imabwera masiku ena okha. Hilmar sanandilankhule mpaka nthawi ya masika. Tsiku lina anadzakhala pa bokosi la nsomba pafupi ndi boti langa.

"Ukanatseka pakamwa pakopo Tuva akanaliona dzuwa ali kuno."

"Akanaliona ali m'bokosi."

"Ndikudziwa," anatero. "Komabe uli ndi pakamwa ngati chidebe cha nyambo."

Sanaphikenso mafuta, ndipo iye mwini anasiya kumwa. Solvei anamubweretsera mapiritsi a nkhalamba, iye n'kuwalandira, n'kunena kuti zikomo. Pamenepo ndinadziwa kuti munthu watha. Mdima wotsatira tinamupeza atamwalira pa mpando wake masana, nsapato atavala, wailesi ikunena za mphepo. Ragna anatumiza maluwa. Sanabwere, ndipo sindimuimba mlandu.

Namwino ananena zoona kuyambira pachiyambi, ndipo ndimauza aliyense wondifunsa: mwana amene akudya bwino musamuthire zinthu, kupatula kamodzi kaja ka miyezi ya mdima. Koma kuno palibe amene amandifunsa. Mkangano umene unatidyera zaka zambiri unatha wokha, osati chifukwa wina anapambana. M'sitolo mwa Borghild mumakhala zii, mumagula khofi n'kutuluka popanda wokunyozani. Pa doko munthu amatha kuima m'mawa wonse atatseka pakamwa. Ndinkaganiza kuti ndidzasangalala nazo zimenezo.

Chilimwe kumabwera alendo odzajambula mapiri, ena ali ndi ana. Chaka chino kunatsika banja lina ndi kamtsikana kowonda, kotumbuluka, kakutsokomola pang'ono. Kanadutsa pakhomo pathu kakukankha miyala ndi phazi. Ndinaona makatani a kwa Petrine akugwedezeka, ndinamva chitseko cha sitolo chikutseguka. Oddny anaimirira pa tebulo n'kuyamba kupita ku kabati.

"Khala pansi, Oddny," ndinatero.

Anakhala. Tinakaonerera pawindo mpaka kanafika kumapeto kwa msewu n'kubwerera. Madzulo sitima inakatenga.